Kuchonga Khodi ya a Makwinja

Ndinagwira ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ku Joni zaka zisanu ndi zinayi, ndipo cholakwa chachikulu chimene ndinachita m'zaka zonsezo sindinalembe ndine. Analemba ndi munthu wamkulu amene ananditengera kumeneko. Ine ndinachiona, ndinachimvetsa, n'kuchivomereza chifukwa cha ulemu. Thiraki yathunthu ya nkhuku inawola, ndipo ntchito yanga inatsala pang'ono kuwolera limodzi, pamodzi ndi pepala londilola kukhala m'dzikomo.

Munthuyo ndi a Makwinja a ku Malosa, mnzawo wa malemu bambo anga kuyambira ali ku sukulu. Atabwera ku maliro a bambo kuno ku Domasi, anandipeza ndikugwira ntchito pa nyuzipepala ina mu Blantyre. Ndinalowa ngati mtolankhani, koma tsamba la pa intaneti la nyuzipepalayo likagwa ankaitana ine, chifukwa ndine ndekha amene sindinkaopa kutsegula mkati mwake. Zambiri ndinaziphunzira ndekha, poononga ndi kukonzanso. A Makwinja anandiitanira pansi pa mango kuseri kwa nyumba ya siwa, n'kundifunsa mafunso angapo a ntchito. Awiri ndinayankha kuti sindikudziwa.

"Ndi amenewo ndimafuna," anatero. "Konza pasipoti."

Tsiku lonyamuka mayi ndi achemwali anga anandiperekeza mpaka pa msewu wa Zomba. Mayi anandinyamulira mtedza wokazinga ndi langizo limodzi: ndikakayamba kukonza makompyuta a azunguwo, ndisamagwire mawaya ndi manja onyowa. Ndinavomera. Basi inadutsa Mwanza, Tete, n'kulowa Zimbabwe, masiku awiri miyendo ili yopinda, ndipo wokhala naye pampando anali mnyamata wa ku Mangochi wokagwira ntchito ya m'munda wa maluwa. Nditamuuza ntchito yanga anandiyang'ana nsapato, n'kufunsa chimene ndinalekera ndege.

A Makwinja anandipatsa kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. M'mawa uliwonse tinkakwera galimoto yawo kupita ku ofesi, iwo akuyendetsa, ine nditanyamula chikwama chawo pamiyendo ngakhale kumbuyo kunali malo.

Kampaniyo inkayang'anira mathiraki a firiji onyamula nkhuku, mkaka ndi nsomba kudutsa malire a mayiko. M'thiraki iliyonse munali kachipangizo koyeza kuzizira, kotumiza uthenga ku ofesi pakapita mphindi zochepa. Pulogalamu yathu inkawerenga mauthengawo. Firiji ikayamba kutentha alamu inkalira, ndipo a ku ofesi ankaimbira dalaivala. Pulogalamuyo anaiyamba ndi a Makwinja kampani ikadali ya anthu anayi. Aliyense ankadziwa zimenezo.

Ndinapita ndi maganizo amene anthu ambiri kwathu ali nawo, oti wolemba mapulogalamu amakhala yekha pakona, zala zikuthamanga, mutu wodzaza masamu. Sabata yoyamba sindinalembe mzere ndi umodzi womwe. Ndinangowerenga. Malangizo amene timalembera kompyuta timawatchula kuti khodi, ndipo khodi imene munthu amawerenga pa tsiku imaposa kutali imene amalemba. Masamu amene ndinagwiritsa ntchito zaka zonsezo mwana wa fomu 2 angawakwanitse. Anthu amene ndinkawaona ngati akatswiri ankafufuza pa intaneti zinthu zimene aiwala, osabisa n'komwe. M'mawa uliwonse tinkaimirira mozungulira, aliyense n'kunena zimene anachita dzulo ndi pamene wakakamira. Tinkaimirira dala kuti munthu asatalikitse nkhani. Mawu akuti "sindikudziwa" ndinkawamva kambiri nthawi ya tiyi isanakwane.

Koma chimene palibe anandichenjeza nacho chinali kuchongerana. Pa ntchito imeneyi khodi ya munthu siloledwa kulowa mu pulogalamu mnzake asanaiwerenge ndi kuivomereza. Wowerengayo akapeza cholakwika amalemba pambali pa mzerewo, ndipo gulu lonse limaona. Ku nyuzipepala ndinazolowera kuchongedwa, koma kumeneko cholembera chofiira chinkatsika, sichinkakwera: mkonzi ankachonga mtolankhani, basi. Kuno wobwera dzulo ankachonga woyambitsa. Ndinaona mtsikana wongochoka kumene ku koleji akulembera mkulu wa imvi kuti "apa mwalakwitsa", mkuluyo n'kuyankha kuti zikomo. Ndinaganiza kuti ndi za azungu, sizindikhudza.

Zinandikhudza mwezi wachinayi, ndidakali pa miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa. Mathiraki akadutsa malo opanda netiweki kachipangizo kaja kankakhala chete, alamu n'kulira popanda vuto, ndipo makasitomala anatopa nazo. A Makwinja analemba khodi yothetsa phokosolo: kachipangizo kakakhala chete, pulogalamu izitenga muyeso womaliza ngati kuti ndi wa tsopano. Mtsogoleri wa gulu lathu, mayi wina wa komweko dzina lake Lerato, anaitumiza kwa ine kuti ndiichonge.

Vutolo ndinaliona ndisanafike ndi pakati pomwe. Sanaike malire a nthawi. Kachipangizo kakhale chete mphindi zisanu kapena masiku awiri, pulogalamu izingonena kuti kukuzizira bwino. Ndinalemba ndemanga pambali pa mzerewo, ndinaiwerenga, ndinaifufuta. Ndinalembanso mofatsa, ndinafufutanso. Amenewa anali anthu amene ananyamula bokosi la bambo anga. Ndinkagona pa matiresi awo. Kuwalembera pagulu, ana aang'ono a mu ofesi akuwerenga, kuti bambo apa mwaphonya, dzanja linakana.

Ndinachita zimene munthu woleredwa ku Domasi amachita. Ndinadikira tili awiri m'galimoto madzulo.

"Bambo, ntchito ija ndaiona. Ndi yabwino kwambiri. Kungoti kaya mathiraki ena amakhala chete nthawi yaitali, kaya."

"Eya, n'chifukwa chake ndalemba choncho," anatero, maso ali pa loboti ya pamsewu.

Kwathu mawu amenewo akanakwanira. Munthu wamkulu akamva "kaya" kawiri amakayang'ananso payekha, amakonza mwakachetechete, nonse n'kukhala ngati palibe chinachitika. Koma a Makwinja anali atakhala ku Joni zaka zoposa makumi awiri, komanso ankayendetsa galimoto. Ine ndinadziuza kuti ndawauza. M'mawa mwake ndinadina batani lovomereza.

Patapita masabata atatu thiraki yopita ku Zambia inakhala pamzere wa pa malire masiku awiri. Waya umodzi unapsa, n'kuzimitsa firiji ndi kachipangizo nthawi imodzi. Ku ofesi sikilini inkaonetsa zobiriwira. Dalaivala anali atauzidwa kuti pakakhala vuto amuimbira, ndiye sanatsegule. Amene anayamba kudziwa anali madalaivala a mathiraki a kumbuyo kwake, ndi mphuno.

Pakachitika zotere gulu limakhala pansi kufufuza, ndipo lamulo lake ndi lolembedwa: msonkhanowo sufuna wolakwa, umafuna njira imene cholakwa chinadutsira. Ine sindinakhulupirire. Misonkhano yotere ndinali nditaiona ku Blantyre, ndipo nthawi zonse panali wina wotuluka atanyamula katoni. Ndinapita nditawerengera kale kuti ntchito ikatha pepala lathanso, ndipo ndibwerera pa basi yomwe ija ndisanamalize ndi chaka chomwe.

A Makwinja anayamba okha. Anati khodiyo analemba ndi iwo, ndipo malire a nthawi sanawaganizire. Analankhula ngati akunena za nyengo. Kenako Lerato anatembenukira kwa ine.

"Pamene unkachonga, n'chiyani chinachititsa kuti vutoli lisaoneke?"

Khomo lothawira linali lotsegula. Ndikanati ndine watsopano, sindinaone, ndipo palibe akanadabwa. Koma ndinali nditakhala zaka ndikulemba nkhani za anthu amene "sanaone", ndipo ndinkadziwa mmene zimathera.

"Linaoneka," ndinatero. "Ndinaliona."

"Ndiye?"

"Kwathu mwana sachonga ntchito ya bambo ake pagulu."

Lerato anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa juzi.

"Kwathunso sachonga," anatero. "Koma nkhuku sizidziwa zimenezo."

Sanandichotse. Anawonjezera miyezi itatu pa nthawi yanga yoyesedwa, ndipo analamula kuti kuyambira tsiku limenelo khodi iliyonse ya a Makwinja izibwera kwa ine. Ndikalephera kuwachonga, ndiye kuti ntchitoyo sindiitha, ndipo tidzatsanzikana bwinobwino.

A Makwinja sanandilankhule masiku atatu. Loweruka m'mawa anandipeza ndikutsuka galimoto yawo, n'kutseka mpopi.

"Iwe, bambo ako akanandiuza."

"Ndinakuuzani, bambo. M'galimoto momwemu."

"Unandiuza chiyani? Kaya, kaya? Ine ndizitola makaya ako pa msewu ndikuyendetsa? Bambo ako tikuphunzira ankandilanda kope n'kundiuza kuti Makwinja, mutu wakowu waphika phala. Ndinakhoza mayeso chifukwa cha pakamwa pake poipapo."

"Iwo anali mnzanu. Ine ndine mwana."

"Mwana kuno kunyumba. Ukafuna uzindigwadira pondipatsa madzi, sindikuletsa. Koma ku ofesi sindinatenge mwana, ndinatenga maso. Ulemu wakowu wandichititsa manyazi kuposa mwano. Anthu onse aja amva kuti mnyamata amene ndinabwera naye amandiopa moti angandisiye ndilowe m'dzenje akuyang'ana." Anatsegulanso mpopi. "Tsuka matayala, awo sunawagwire."

Ndemanga yoyamba imene ndinawalembera inanditengera ola lathunthu, ndipo inali ya mawu asanu ndi awiri. Anayankha kuti ndikunena zoona, n'kukonza. Yachiwiri anakana, tinakangana pa sikilini tsiku lonse gulu likuwerenga, ndipo anapambana iwo. Madzulo ake ndinanyamula chikwama chawo monga mwa masiku onse. Miyezi itatu itatha Lerato anangondiuza podutsa kuti ndipite kwa a zamapepala ndikasaine za ntchito yokhazikika.

Chaka chachiwiri ndinasamukira m'nyumba ina imene tinkakhalamo Amalawi asanu ndi mmodzi. Ena anali alonda, wina wophika mu lesitilanti, ndipo Yusufu wa ku Naisi ankasoka makatani. Ankanditchula kuti bwana kompyuta. Yusufu sankamvetsa kuti munthu wodziwa makompyuta angamaime naye pamzere womwewo wa ku boma wofuna mapepala okhalira m'dzikomo, m'chisanu cha mwezi wa Juni chimene chimalowa mpaka m'mano.

"Aise, osangolowa mu kompyuta yawoyo bwanji, n'kutilemba tonse kuti ndife nzika? Ine undilembe kuti ndinabadwira ku Durban."

"Sizitheka, Yusufu."

"Ndiye umatani tsiku lonse?"

"Ndimawerenga zimene ena alemba, n'kuwauza pamene alakwitsa."

"Basi? Zimenezo mkazi wanga amachita ulere."

Nthawi zimene alendo ankasakidwa m'makwalala, kusiyana kwathu kunaoneka. Ine Lerato ankangondiuza kuti ndigwire ntchito ndili kunyumba. Anzangawo ankayenera kutuluka, chifukwa geti ya bwana sungailondere pa laputopu. Ndinkakhala pa tebulo ndikumvera chitseko, kuwerenga obwerera mmodzimmodzi. Tsiku lina wophika uja anabwera wopanda nsapato, mlomo utatupa. Yusufu anamusokera malaya, ine ndinamutenthetsera madzi. Pa zimenezo khodi inalibe ntchito.

Kumudzi ndinkatumiza thandizo mwezi ndi mwezi, ndi katundu kudzera kwa madalaivala a basi: mabulangete a mayi, mbaula, njinga. Katundu ankabweranso kuchokera kumudzi. Achemwali ananditumizira ufa, usipa ndi foni yakufa itakulungidwa m'chitenje, ndi kakalata koti ndiikonze chifukwa ndi ntchito yanga. Ndinapita nayo kwa mnyamata wa ku Pakistan pa kona, anaikonza, ndinaibweza. Kunali kulakwitsa. Ulendo wotsatira anabwera mafoni anayi ndi wailesi ya abusa.

Zaka zinapita. Ndinaphunzira zinenero zatsopano za kompyuta, zina n'kutha ntchito ndisanazizolowere. Ndinafufuta khodi yambiri imene ndinkanyadira. Chimene chinandikweza pa kampaniyo sichinali kuthamanga kwa zala. Anthu anayamba kunditumizira ntchito zimene ankaziopa, chifukwa ankadziwa kuti ndikaona kanthu ndinena, ndipo ndinena kamodzi.

Ndinabwerera kuno ku Domasi chifukwa cha miyendo ya mayi. Kampani inavomera kuti ndizigwira ntchito ndili kuno, ndipo ndinaika sola padenga ndi tebulo pa zenera loyang'ana ku msewu, pamene netiweki imagwira bwino. Ndinapeza achemwali ndi amene akuyendetsa zonse, munda, mankhwala a mayi, milandu ya pabanja, ndipo sankafunsa munthu wa ku Joni kuti achite bwanji. Ana awo ankandipatsa moni ngati mlendo wa ku boma. Mayi anandiyang'anitsitsa sabata yathunthu ndikulankhula ndekha m'chipinda nditavala zam'makutu, kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati anandichotsa ntchito.

"Ndikugwira, mayi. Ndi imeneyi."

"Osatuluka thukuta?"

"Limatuluka mkati."

Amene ndinasintha ndinali inenso. Pa zokambirana za malire a dimba la kumtsinje, amalume anafotokoza molakwika pamene panali mtengo wakale, ndipo ine ndinati, "Ayi, amalume, pamenepo mwalakwitsa," anthu onse ali pomwepo. Ndinkanena zoona. Achemwali anandikokera kuseri kwa bafa.

"Achimwene, kuno si ku ofesi kwanu. Kuno timayamba ndi kaya."

Amalume anatenga mwezi kuti ayankhe moni wanga. Tsopano ndimasunga malankhulidwe awiri, a pa zenera ndi a pakhonde, ndipo ndimayang'ana kaye pamene ndaima.

Mwezi wathawu Lerato, amene pano ndi mmodzi mwa akuluakulu a kampani, anandiimbira. Akufuna kudziwa ngati pulogalamu yakale ija ingapitirire kumakonzedwa, kapena itayidwe alembe yatsopano. Anasankha ine kuti ndiiunike ndi kulemba lipoti, chifukwa ndaichonga zaka zambiri kuposa wina aliyense. Sanafunike kundiuza zotsalazo. A Makwinja zaka zopuma anazidutsa kale, ndipo kampani yawasunga chifukwa ndi iwo okha amene amadziwa ngodya zonse za pulogalamuyo. Ikatayidwa, ntchito yawo yatha.

Ndinaiunika masabata atatu. Ndinafunafuna njira yoipulumutsira, ndipo ndinaifuna moona mtima. Palibe. Inalembedwera mathiraki ochepa, pano ikunyamula ochuluka kwambiri, ndipo kukonza pamodzi kumang'amba pena. Zida zimene inamangidwira eni ake anasiya kuzisamalira. Ndinalemba masamba asanu ndi limodzi, ndipo chiganizo choyamba chikuti itayidwe.

Ndisanatumize ndinawaimbira. Inali nthawi ya nkhomaliro, ndinawamva akutafuna.

"Bambo, lipoti lija ndamaliza."

"Ndiye walemba kuti chiyani?"

"Kuti itayidwe."

Anasiya kutafuna.

"Mbali ya ma alamu ija waiona bwino? Ija tinailembanso tonse awiri."

"Ndaiona. Ndi yolimba kuposa zonse. Koma yakhala pa maziko amene akugumuka, singachoke yokha."

"Waika kaya angati?"

"Palibe, bambo."

"Werenga chiganizo choyamba."

Ndinawerenga. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza. Kenako anandifunsa mafunso a ntchito okhaokha, pafupifupi theka la ola, akufufuza pamene ndaterereka. Anapeza malo amodzi: ndinachepetsa nthawi imene kusamutsira zinthu zakale mu pulogalamu yatsopano kudzatenge. Ndinakonza iwo ali pa foni.

"Chabwino," anatero. "Tumiza. Undiikenso ine pa olandira, asamaganize kuti wandizembera." Anakhosomola. "Tsopano tamvera. Ku Malosa kuli nyumba yanga, inaima pa mawindo zaka zambiri zapitazo. Akuti mkati mwamera mtengo. Upite ukaione, undipezere mmisiri woti aimalize n'kufolera. Ndipo makoma ukawayang'ane ndi maso omwewo. Ngati ndi ogwetsa, unene kuti ndi ogwetsa."

Lipotilo ndinatumiza tsiku lomwelo. Akuluakulu a kampani adzakumana Lachiwiri, ndipo Lerato wandiuza kuti sakuona wotsutsa. A Makwinja adzapatsidwa miyezi ingapo yoti alembe zonse zimene zili m'mutu mwawo ndi kuphunzitsa gulu latsopano, ndipo zolemba zimenezo ndidzachonga ndine. Akuyembekezeka kubwerera kwawo ku Malosa mvula isanayambe. Mawa m'mawa ndikwera minibasi ya ku Malosa ndi mmisiri, tikaone makoma ndi kuyeza za denga.